Nkhanza za pa Ubwana ndi Matenda a Misala

Munthu akayamba kumva mau amene anzake sakuwamva, kapena kuumirira kuti pali anthu omulondalonda usiku, achibale amafunsana kuti, "Kodi wamulodza ndani?" Ena amaloza chamba, ndipo nthaŵi zina salakwa, pakuti chamba chimautsadi matendaŵa. Koma liripo funso lina limene silifunsidwa kaŵirikaŵiri, ngakhale ku chipatala: kodi munthuyu anakumana ndi zotani m'moyo wake, makamaka pa ubwana?

Zoopsa siziri za mtundu umodzi. Ngozi ya galimoto imagwa kamodzi, nipita. Koma mwana womenyedwa tsiku ndi tsiku, kapena mtsikana wogwiriridwa ndi wachibale wa m'nyumba momwemo, alibe kothaŵira, pakuti womzunzayo ndi yemwenso amamdyetsa. Nkhondo yokhalitsa imachita chimodzimodzi, monga ya ku Mozambique, imene inathaŵitsira ku Malaŵi anthu pafupifupi 1 miliyoni isanathe mu 1992. M'chaka chomwecho dokotala wa ku America, Judith Herman, anafotokoza bala limene nkhanza zobwerezabwereza zimasiya: munthu amakhala wamantha, mtima wake sukhazikika, amadziyesa wachabechabe, ndipo sakhulupirira aliyense. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linaliika m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022.

Mu 2012 akatswiri otsogozedwa ndi Filippo Varese anasonkhanitsa zofufuza za m'maiko ambiri, napeza kuti amene anazunzidwa ali ana amadwala misala pafupifupi katatu kuposa anzawo. Izi sizitanthauza kuti mwana aliyense wozunzidwa adzadwala, kapena kuti makolo a wodwala aliyense ali ndi mlandu. Matendaŵa amayendanso m'magazi, ndipo malungo a mu ubongo, khunyu ndi moŵa zimasokonezanso mutu.

Nanga nkhanza zimafika bwanji ku misala? Ubongo wa mwana wokulira m'mantha umakhala ngati mlonda amene sanalandiridwepo ntchito: kutswatha kulikonse kwa masamba amakuyesa mbala. Akadzakula, anthu aŵiri ongonong'onezana pa msika amawaona ngati akumpangira chiwembu. Ndiponso mwana amene sangathaŵe ndi miyendo amathaŵa ndi maganizo. Pamene akuzunzidwa amakhala ngati palibepo, kotero kuti zochitikazo zimasungika zidutswazidutswa. Patapita zaka, chidutswa china chimabwerera, koma iye sachizindikira kuti nchikumbukiro. Amachimva ngati liu lochokera kunja. Nchifukwa chake mau amene odwala ambiri amamva amatukwana monga momwe ankatukwanira wowazunza uja.

Mankhwala monga chlorpromazine ndi haloperidol amachepetsa mauwo ndi kumgonetsa munthu tulo. Amapezeka ku chipatala cha odwala maganizo ku Zomba, ku St John of God ku Mzuzu, ndi m'zipatala za maboma, ndipo wodwala asawasiye popanda uphungu wa dokotala. Komabe mankhwala safafaniza chikumbukiro. Kwa zaka zambiri madokotala ankaopa kufunsa za kale, poganiza kuti kutero nkutokosa bala. Mu 2015 ofufuza a ku Netherlands anayesa zimenezi pa odwala misala 155 amenenso ankasautsidwa ndi zoopsa zakale. Amene anathandizidwa kufotokoza zowagwera pang'onopang'ono, pamaso pa mlangizi wophunzira bwino, mantha awo anachepa, ndipo misala siinakule.

Ntchitoyi iri ndi poyambira pake. Choyamba wodwala akhale pamalo otetezeka. Kumbwezera m'nyumba imene womzunza akukhalamo nkuwononga zonse zimene achipatala achita. Akayamba kugona ndi kudya bwino, ndi pamene amatha kulankhula za kale, mwa kufuna kwake, osakakamizidwa. Kenaka amabwerera ku munda, ku sukulu ndi pakati pa anzake.

Achibale asammange ndi unyolo kapena kumtsekera m'nyumba, pakuti kwa munthu wotere chingwe ndi nkhanza zija zabweranso. Kutsutsana naye za mauwo sikuthandiza; kumfunsa modekha zimene mauwo akunena ndiko kumathandiza. Ngati akumuuza kuti adzivulaze, apite naye ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo wompelekeza amene akudziŵa zimene zinachitika kale auze namwino paseri.