CITSEKO COYENDA PA NJANJI

Ambiri a ife pa sukulu pano ndife ana a alimi a fodya, ndipo tidziwa kuti nchito ya fodya siithera m'cigafa. Fodya akauma, tikamsankha ndi kumdinda ndi jeke, mabelo amakhala m'shedi kudikira lole yowatengera ku msika wa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Nthawi zina amadikira masabata angapo. Masiku amenewo thukuta la banja la caka conse limakhala kuseri kwa citseko cimodzi, ndipo citsekoco cikakhala cosalongosoka mwini fodya sagona tulo. Pa chuthi ca Pasaka ndinathandiza atsibweni anga, amene amalima kufupi ndi Santhe, kupacika citseko ca shedi yao, ndipo ndifuna kufotokozera anzanga m'mene nchitoyi imacitikira.

Shedi ya atsibweni ndi garaja yomwe, cifukwa mumagonanso thirakitala yao yakale ya Massey Ferguson. Cotero khomo lace ndi lalikuru, mamita 2.8 m'mimba mwace. Kale panali zitseko ziwiri za mahinjesi. Aphunzitsi athu a Sayansi anatiphunzitsa kuti katundu akakhala kutali ndi pamene wagwiridwa mphamvu yace yokokera pansi imakula, ndipo ndi cimene cinacitikira zitseko zija. Hinjesi ya pamwamba inayamba kuzuka, nsonga ya citseko inayamba kulima pansi, ndipo pamwamba panatsala mpata wokwana dzanja la munthu. Citseko ca njanji ciribe bvuto limeneli, pakuti cimalendewera kumwamba ndipo kulemera kwace kumatsika cindunji.

Zipangizo zace ndi zowerengeka. Pali njanji, imene ndi citsulo ca mphako cokhala ndi mpata kunsi kwace kuyambira uku kufikira uko. M'kati mwa mphakoyo mumayenda timawilo, tiwiri kumutu uku ndi tiwiri kumutu uko, ndipo pakati pa timawiloto pamatsika bauti lalitali lodzera mu mpata uja, limene limagwira citseko. Palinso zitsulo zogwirizira njanji ku khoma. Zitsulo zambiri zimagulitsidwa zotalika mamita 6, ndipo kwa ife izi zinakwana bwino: citseko cathu ndi ca mamita 3, copitirira khomo ndi masentimita 10 mbali iriyonse, ndipo njanji iyenera kutalika kawiri kutalika kwa citseko kuti khomo lizitseguka lonse.

Musanapacike kanthu muyenera kudziwa kulemera kwace. Felemu ya citseko cathu anaiwocherera ndi citsulo ca ngodya ca mamilimita 50, cocindikala mamilimita 5, cimene mita imodzi imalemera pafupi-fupi makilogalamu 3.8. Panalowa mamita 20, ndiye kuti makilogalamu 76. Kuonjezapo malata ndi mabauti, citseko conse cinapitirira makilogalamu 100, kuposa matumba awiri a simenti. Katundu wotere ndi amene amakhala pamwamba pa mutu wa aliyense wolowa m'shedi.

Poyamba atsibweni anaitana mmisiri wina wa kufupi komweko. Iye anayang'ana mzere wa njerwa pamwamba pa khomo, nati mzere umenewu ngwowongoka, nakhoma njanji motsata mzerewo. Tinakweza citseko anthu anai, ndipo tsiku limenelo tonse tinakondwa. M'mawa mwace mlongo wanga wamng'ono anatsegula loko nakankha citseko pang'ono, ndipo citseko cinanyamuka cokha. Cinayamba pang'ono-pang'ono, kenaka cinathamanga, ndipo popeza kumapeto kwa njanji kunalibe cocinga, timawilo ta kutsogolo tinaturuka. Citseko cinapendeka, cinagwa, ndi kuphwanya wilibala imene mwana wa atsibweni wa zaka zitatu amakonda kukhalamo. Mwamwai anali ku citsime ndi amai ace. Atsibweni anakhala pansi nthawi yaitali osalankhula. Pambuyo pace anati, "Mphwanga, suja umati ku sukulu kwanu mumaphunzira zoyeza-yeza? Tiye tione."

Cinthu coyamba ndi cacikuru pa nchito yonseyi ndi kuti njanji ikhale yolingana, mbali imodzi isatsike kuposa inzace. Maso sangathe kuona zimenezi, ndipo levulo ya amisiri ndi yaifupi kwambiri poyerekeza ndi mamita 6. Tinagwiritsa nchito paipi yopyapyala yoonekera m'kati, yotalika mamita 10. Mumathiramo madzi kufikira atatsala pang'ono kudzaza, ndi kucotsa thobvu lonse, cifukwa kathobvu kamodzi ka mpweya kangathe kukunamizani. Munthu mmodzi amagwira nsonga imodzi pa khoma, mnzace nsonga inayo kumapeto ena, onse osatseka kukamwa kwa paipi ndi cala. Madzi akakhazikika, pamwamba pace uku ndi uko pamakhala pa msinkhu umodzi, ngakhale paipiyo itakhota-khota bwanji pansi. Ine ndinali kuganiza kuti phunziro limeneli ndi la pa mayeso cabe. Titalemba zizindikiro ziwirizo ndi kuyeza kucokera pa izo kufikira pa njanji ya mmisiri uja, tinapeza kuti mbali ya kumadzulo inatsika ndi masentimita 3. Atsibweni, amene mpaka lero amawerenga m'mainchesi, anati, "Inchesi imodzi yokhayi ndiyo ikanandiphera mwana?" Ndinati, "Inde atsibweni, timawiloti tiri ndi mabering'i, sitifuna citunda cacikuru kuti tigudubuke."

Tinamasula zonse ndi kuyambanso. Tinakoka cingwe pakati pa zizindikiro ziwirizo, koma popeza cingwe cacitali cimagwa pakati, tinaikanso cizindikiro cacitatu pakati-kati ndi paipi yomwe ija. Zogwirizira tinaziika motalikirana masentimita 60, zonse pamodzi 11.

Apa pali cinthu cimene anthu ambiri saciganizira. Pamwamba pa khomo pali bimu ya konkire, ndipo bauti lolowa m'menemo limagwira zolimba. Koma citseko cikatseguka cimacoka pa khomo ndi kukalendewera pambali, pamene palibe bimu, koma njerwa zoocha zomangidwa ndi matope monga zimakhalira nyumba zambiri kwathu. Bauti lokhomera m'njerwa zotere limagwedera pakapita miyezi yowerengeka. Ife tinaboola khoma mpaka kuturukira m'kati, tinalowetsa mabauti aatali, ndipo m'katimo tinaika citsulo ca phanthi-phanthi cacitali kuti katundu agawanike pa njerwa zambiri. Manati onse ali m'kati mwa shedi. Ici ciri ndi ubwino winanso, cifukwa mbala yobwera ndi sipanala usiku sipeza comasula kunja.

Citseko cija pakugwa cinapindika pang'ono, ndipo tisanacikweze tinayesa ngodya zace. Pano Pythagoras anatithandiza. Kucokera pa ngodya mumayeza masentimita 90 mbali imodzi ndi 120 mbali inayo, ndipo ngati ngodyayo ndi yowongoka, pakati pa zizindikiro ziwirizo payenera kukhala masentimita 150. Njira yacidule ndi kuyeza copingasa kucokera ngodya ya kumwamba kufikira ya pansi ya tsidya lina, mbali zonse ziwiri, ndipo miyeso iwiriyo ifanane. Yathu inasiyana, ndipo wowocherera wa pa Santhe anaciwongola naonjeza citsulo copingasa.

Pokweza, mumayamba mwalowetsa timawilo m'njanji, ndi kumanga cocinga kumapeto onse awiri nthawi yomweyo, citseko cisanakwere. Ife tinaboola njanji ndi kupingasa bauti lalikuru lobvekedwa cidutswa ca tayala. Kenaka mumaimika citseko pa matabwa ocindikala masentimita 2, ndi kulowetsa mabauti olendewera aja m'mabowo a pamwamba pa felemu. Bauti liri lonse limakhala ndi manati awiri. Mukapotokola nati imodzi citseko cimakwera kapena kutsika mbali imeneyo, ndipo mukakhutira mumamanga yaciwiri pa inzace kuti zisamasuke ndi kugwedezeka. Mukacotsa matabwa aja citseko cimatsala m'malere. Ciyeso cace ncosabvuta: cikankheni cifike pakati ndi kucisiya. Cikaima pomwepo, njanji iri bwino. Cathu cinaima.

Kunsi kwa citseko nakonso kufuna cogwira. Citseko colendewera ciri ngati thanga ya ngalawa, ndipo pa cigwa cathu ca Kasungu, pamene mitengo yambiri inatha, mphepo ya Mwera kapena kabvumvulu wa mu October angathe kucikankhira kunja mpaka mabauti kupindika. Munthu nayenso angathe kukoka kunsi kwace ndi kukwawira m'kati, loko ali cikhomere. Tinakumba m'mbali mwa khomo ndi kuzika m'konkire zitsulo ziwiri zoimirira, cimodzi pamene citseko cimathera cikatsekeka, cina pamene cimadutsa nthawi zonse, kotero kuti kunsi kwace kumayenda pakati pa citsulo ndi khoma. Ena amakumba kangalande pansi, koma ine sindikakonda, pakuti kamadzaza mcenga ndi zinyenyeswa za fodya, ndipo thirakitala imakaphwanya m'mphepete.

Za girisi atsibweni ndi ine tinatsutsana. Iwo anafuna kupaka njanji yonse. Ine ndinati girisi ndi wa m'mabering'i mokha, cifukwa m'njanji amagwira pfumbi ndi kusanduka phala lokhakhala limene limadya timawilo. Anabvomera, ngakhale ndikukayika ngati sanapake ine nditacoka. Cofunika ndi kusesa m'mphakomo kamodzi-kamodzi, makamaka popeza mabvu amakonda kumangamo.

Anzanga a ku Lilongwe anandifunsa cifukwa cace sitinagule citseko cokwera m'mwamba monga ca magaraja a m'tauni. Citseko ca mtundu umenewo anacipanga C. G. Johnson ku America m'caka ca 1921, ndipo mu 1926 anapanganso makina a magetsi ocitsegulira. Ico cimayenda pa njanji ziwiri za m'mbali zimene zimakhota ndi kugona kunsi kwa denga, ndipo zonse ziwiri ziyenera kulingana. Cimapepuka m'manja cifukwa ca sipuling'i yaikuru yopotedwa zolimba imene imanyamula kulemera kwace. Sipuling'i imeneyo ndi yoopsya, yabvulaza anthu ambiri oimasula osadziwa, ndipo wophunzira aliyense asaikhudze. Kumudzi ikathyoka palibe woikonza pafupi, pamene kawilo ka citseko cathu wowocherera aliyense angathe kukasintha.

Mabelo 14 a atsibweni anagona m'shedimo masabata atatu lole isanabwere. Kalata ya amai imene ndalandira sabata yatha ikuti mlongo wanga uja amatsegula citseko ndi dzanja limodzi, koma atsibweni analetsa ana onse kusewera pafupi naco, ndipo wilibala yatsopano amaisunga kuseri kwa nkhokwe.