Thanki ya agogo yasiya kukhetsa madzi

Pabwalo pathu ku Matero mvula inkagwa ngakhale mu Okutobala, usiku wokhawokha, pakona imodzi yokha. Inkachokera m'thanki ya malita 2,000 yomwe agogo, eni nyumba zomwe timachita lendi, anaikweza pachitsulo kuseri kwa bafa. Anthu a m'komboni akagona, mipopi yonse itatsekedwa, madzi amabwera ndi mphamvu. Thanki inkadzaza n'kuyamba kusefukira mpaka mbandakucha.

Khoma linamera ndere, miyendo ya chitsulo inachita dzimbiri, pansi pali matope nyenyenye. Achule anabwera ndi akwawo, udzudzu osanena. Bilu ya madzi ikafika, mabanja anayi tinkalozana zala: uyu amachapa kwambiri, uyo amachedwa kubafa. Ndipo kuyambira Januwale 2024, pamene bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala cha odwala kolera, palibe kholo ku Lusaka limene limaseka likaona mwana akusewera pachithaphwi.

Mpulumutsi anali mnyamata wa aneba amene anaphunzira zaupulambala. Anatseka madzi olowa, kukwera makwerero, kutsegula chivindikiro, kenako kuseka chikhakhali.

"Agogo, wakuba madzi uja ndamugwira! Ndi ball valve."

"Utsike naye, mdzukulu wanga, ndimuone nkhope."

Kampira kamene kamayandama kuti kakankhe mkono wotseka madzi kanali katabooka, kumwa madzi, n'kumira. Washala wa labala anali atauma gwa, ndipo pakamwa pa valavu panali patamatirira njereza yoyera. N'zosadabwitsa: kupatula a mumtsinje wa Kafue, madzi ambiri a mumzinda uno amapopedwa m'zitsime zoboola m'miyala ya laimu.

Valavu yakaleyo mnyamatayo anainyamula mpaka ku Kamwala kuti asalakwitse saizi, nabwerako ndi yatsopano yamkuwa. Ntchito yake inali yoti mwana n'kuonerera osatopa. Sipanala imodzi inagwira valavu m'kati, ina ikumanga nati kunja, labala ali pakati kuti khoma la pulasitiki lisadonthe. Pamazinga anakulungapo thepi yoyera asanalumikize paipi. Kenako anapinda mkono pang'ono, kuti madzi aziima asanafike pa paipi yotayira.

"Tsegulani!" anafuula. Madzi anathira phokoso m'thanki. Iye anakweza kampira ndi chala chimodzi, madzi zii! Anakasiya, madzi phwaa! Agogo anamuuza kuti abwereze, ndipo atabwereza anaimba nthungululu mpaka odutsa mumsewu anasuzumira kufuna kudziwa amene akukwatiwa.

Bwerani muone lero. Pakona paja pauma moti amayi akukanganirana poyanika zovala. Khoma lapalidwa ndere, chitsulo chapakidwa penti, achule asamukira kumene akudziwa okha. Bilu yotsatira itabwera, tinaipatsirana m'manja ngati chithunzi cha ukwati, ndipo amene ankanenedwa kuti amachedwa kubafa anayenda khomo ndi khomo kutolera mawu opepesa. Mnyamata uja tsopano amaitanidwa mpaka ku George, agogo ali pakati kumuuza mtengo woti atchule.

Chimwemwe chitatipitirira, tinatuma mmodzi kukafunsa ngati lendi nayonso itsike. Agogo anamumvetsera bwinobwino mpaka atamaliza.

"Ana anga, mnyamatayu ndinamutuma kukonza thanki. Za lendi sanaziphunzire kusukulu."