Kamba wa m'phiri: umitsani kaye, kenaka chotsani mpweya

Mvula ikakata, makamaka kuyambira Meyi mpaka Okutobala, alendo amachuluka pa Likhubula ndi m'njira zina zokwerera phiri la Mulanje. Wofuna kukafika pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, kawirikawiri amatha masiku atatu kapena kuposerapo, akumagona m'nyumba za alendo monga Chambe, Thuchila ndi Chisepo. Kumeneko kulibe golosale kapena filiji. Chakudya chonse chimakwera pamsana pa achinyamata athu onyamula katundu, ndipo chiperoni chikachinyowetsa, ulendo umasokonekera. N'chifukwa chake onyamula katundu, operekeza alendo ndi amayi ogulitsa kamba ayenera kudziwa njira yolongedzera chakudya m'timatumba ta pulasitiki totseka ndi zipi, mpweya utachotsedwamo.

Chifukwa chochotsera mpweya

Pa magawo 100 a mpweya, pafupifupi 21 ndi okosijeni. Okosijeniyu ndi amene amasokoneza mafuta a mu mtedza mpaka kuyamba kununkha ndi kuwawa, ndipo nkhungu ndi anankafumbwe amamudalira kuti akhale ndi moyo. Alimi amene amasunga chimanga m'matumba a PICS amadziwa kale nzeru imeneyi: tizilombo tikasowa mpweya timafa popanda mankhwala.

Phindu lina ndi la m'chikwama. Kathumba kopanda mpweya kamaphwa, sikatenga malo ambiri. Kokhala ndi mpweya kamafufuma munthu akamakwera, pakuti pamwamba pa phiri mpweya wakunja supanikiza kwambiri ngati kuchigwa, ndipo zipi ikhoza kutseguka yokha.

Kachitidwe kake popanda makina

Kuli makina opopa mpweya m'matumba, koma beseni la madzi limathandiza ndithu. Thirani chakudya m'kathumba, musadzaze. Tsekani zipi, mungosiya kampata kakang'ono pakona imodzi. Mizani kathumbako m'madzi pang'onopang'ono kuyambira kunsi. Madzi amakankha mpweya kuti utulukire pa kampata kaja. Madzi akatsala pang'ono kufika pa zipi, tsekani msanga, vuulani ndi kupukuta. Njirayi sichotsa mpweya wonse monga makina, koma imakwanira ulendo wa masiku ochepa.

Longedzani chakudya cha tsiku lililonse pachokha ndi kulembapo tsiku limene mwatseka, kuti musamatsegule kathumba kamodzi kangapo. Usipa ndi matemba ouma ziyambe zakulungidwa m'pepala loyera, chifukwa minga zake zimaboola pulasitiki. Kathumba kakapezeka katakhwefuka m'mawa mwake, dziwani kuti kabooka.

Chenjezo lalikulu

Chimene chimasunga chakudya ndi kuuma. Kathumba kamangoteteza kuumako. Oyenera kulowa m'timatumbati ndi ufa, mpunga, mtedza wokazinga, mfutso, makaka, nyama ya soya, nsomba zouma, shuga, mchere ndi masamba a tiyi. Mfutso uzithetheka ukaufinya, ndipo mtedza wachuku utayidwe, pakuti kuchotsa mpweya sikuchotsa poizoni amene nkhungu inasiya kale.

Nyama yophika, nsomba zaziwisi, nyemba zophika, mbatata yowiritsa ndi ndiwo zamsuzi zisatsekedwe motere pa ulendo wopanda filiji. Pali kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, kopezeka m'dothi, kamene kamaswana bwino m'chakudya chachinyezi chopanda mpweya. Poizoni wake amafooketsa minofu mpaka munthu kulephera kupuma, ndipo chakudyacho chikhoza kuoneka chabwinobwino, chosanunkha. Munthu akadwala chotero ali pa Chisepo, chipatala chili kutali kwambiri.

Kumbukiraninso kuti pafupi ndi mamita 3,000 madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90, osati 100. Nyemba zouma zimachedwa kupsa ndipo zimatha nkhuni zambiri. Ndi bwino kusankha zakudya zopsa msanga.

Kathumba kabwerere kumudzi

Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikuloni 60. Gulani timatumba tokhuthala topangidwira chakudya. Mukatitsuka ndi kutiumitsa bwino, timagwira ntchito maulendo angapo. Kathumba kalikonse kamene kakwera phiri katsike nanu. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo mitsinje monga Likhubula, Thuchila ndi Ruo, imene timamwa ndi kuthirira madzi ake, imachokera komweko.

Mlendo amene wadya bwino ndi kutsika wathanzi amabweranso, kapena amatumiza mnzake. Choncho inu amene mumakonza kamba, yambani ndi dzuwa ndi mphasa yoyanikira; kathumba kabwere pomaliza.