Zipata za m'kachikopa ka selo

Selo lililonse la m'thupi ndi lokutidwa ndi kachikopa kopyapyala zedi, moti tizikopa 10,000 titasanjikizana tingangofanana ndi kukhuthala kwa pepala limodzi. Kachikopaka n'kopangidwa ndi mafuta oyalidwa mizere iwiri, ndipo poti mafuta samvana ndi madzi, zinthu zosungunuka m'madzi monga mchere ndi shuga sizingathe kukaboola. Mpweya wa okosijeni umadutsa wokha mosavuta, koma zambiri zimene selo limadalira zimafuna khomo. Makomowo ndi mapuloteni ozikika m'kachikopamo, ndipo lililonse lili ndi alendo ake amene limawadziwa.

Ena mwa mapuloteniwa ali ngati timipaipi. Akatseguka, zinthu zimayenda zokha kuchokera kumene zachuluka kupita kumene zachepa, monga madzi amathamangira kutsetse, ndipo selo silitaya mphamvu iliyonse. Kampaipi ka madzi kamatchedwa aquaporin. Mu 1992, Peter Agre wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America anachititsa mazira a chule kupanga puloteni imeneyi, ndipo atawaika m'madzi anafufuma mpaka kuphulika, pamene mazira opanda puloteniyo anangokhala bwinobwino. Impso zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi tsiku lililonse, koma mkodzo umangokwana lita imodzi ndi theka, chifukwa madzi otsalawo amabwerera m'magazi, ambiri kudzera m'timipaipi timeneti. Chodabwitsa n'chakuti timipaipi timasankha: ka potaziyamu kamakana sodiyamu ngakhale kuti sodiyamuyo ndi wocheperapo msinkhu. Roderick MacKinnon anaonetsa kapangidwe ka kampaipi ka potaziyamuka mu 1998, ndipo iye ndi Agre anagawana mphoto ya Nobel mu 2003.

Mapuloteni ena satseguka mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Amagwira katundu kunja, n'kusintha kaumbidwe kawo, n'kukamutula mkati, choncho amachedwerapo. Umu ndi mmene shuga amalowera m'minofu. Munthu akadya nsima, shuga amachuluka m'magazi, insulini n'kulamula kuti puloteni yotchedwa GLUT4 ituluke mmene imasungidwa mkati mwa selo ndi kukakhala pakachikopa. Lamuloli likapanda kumveka, shuga amangozungulira m'magazi maselo ali ndi njala, ndipo awa ndiwo matenda a shuga. Tizilombo nato tili ndi onyamula katundu awo. Kachilombo ka malungo katasintha puloteni yake ya PfCRT, kanayamba kutaya mankhwala a chloroquine kunja kwa kathumba kamene kamagayiramo chakudya, mankhwalawo n'kusiya kugwira ntchito. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuyamba kupereka mankhwala a SP.

Nanga zinthu zikafunika kupita kumene zachuluka kale? Pamenepo pamafunika pampu, ndipo monga madzi sakwera okha pamjigo popanda wopopa, pampu ya m'selo imadya mphamvu yochokera ku molekyu yotchedwa ATP. Yodziwika kwambiri inatulukiridwa mu 1957 ndi Jens Christian Skou wa ku Denmark pofufuza mitsempha ya nkhanu. Ikapopa kamodzi imatulutsa timagawo titatu ta sodiyamu ndi kulowetsa tiwiri ta potaziyamu, ndipo siipuma usana ndi usiku. Zotsatira zake n'zakuti sodiyamu amaunjikana kunja kwa selo ngati madzi otsekeredwa padamu. Mitsempha imatumiza mauthenga potsegulira sodiyamu ameneyu mwadzidzidzi, ndipo kugunda kwa mtima kumadaliranso kusiyana komweku.

Mphamvu ya damu limeneli imathandizanso kukoka zinthu zina. M'matumbo aang'ono muli puloteni yotchedwa SGLT1 imene siilola sodiyamu kulowa yekha, ndiponso siilola shuga kulowa yekha. Imadikira mpaka itanyamula timagawo tiwiri ta sodiyamu ndi molekyu imodzi ya shuga wa glucose, kenako n'kulowetsa zonse pamodzi, madzi n'kutsatira pambuyo. Robert Crane ndi amene anafotokoza ganizoli mu 1960 pamsonkhano wa ku Prague, ndipo ndi zochepa zimene asayansi ya maselo anatulukira zomwe zapulumutsa anthu ochuluka ngati chimenechi.

Chifukwa chake chimaonekera pa kolera. Poizoni wa kachilombo ka matendawa amasiya khomo lina la m'matumbo, lotulutsira chloride, lili pululu. Mchere umakhuthukira m'matumbo, madzi n'kuutsatira, ndipo wodwala amatha kuuma thupi ndi kumwalira m'maola ochepa. Koma poizoniyo saikhudza SGLT1. Khomo la shuga ndi mchere limagwirabe ntchito ngakhale munthu akutsegula m'mimba kwambiri, choncho akamwa madzi osakaniza ziwirizi pamlingo woyenera, thupi limayamwa madziwo. Mu 1971, pankhondo imene inabala dziko la Bangladesh, dokotala wa ku India Dilip Mahalanabis anaperewedwa madiripi pamsasa wa othawa kwawo ku Bangaon, n'kuyamba kumwetsa odwala madzi oterewa. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse kufika pa osakwana 4.

Paketi ya Thanzi ORS imene imapezeka m'zipatala ndi m'magolosale ku Malawi, dziko limene kolera inapha anthu oposa 1,700 m'zaka za 2022 ndi 2023, imadalira puloteni yomweyi. N'chifukwa chake kusungunula molondola n'kofunika kwambiri. Madzi a mchere okha salowa mokwanira, ndipo shuga akachulukitsa, monga m'zakumwa zoziziritsa kukhosi, amakokera madzi m'matumbo n'kuwonjezera kutsegula m'mimba. Paketi iyenera kusungunulidwa m'madzi aukhondo pamlingo umene walembedwa papaketipo, ndipo wodwala amene akusanza mosalekeza kapena walefuka moti sangathe kumwa ayenera kutengeredwa kuchipatala mwamsanga kuti akamuike diripi.