Pamene Ulusi wa Galasi Ukomana ndi Utomoni

Mwala ukagwera munthu wa pamgodi amene wabvala cisoti ca fibreglass, moyo wace udalira kamalo kakang'ono kosaoneka ndi maso. Cimodzimodzinso msodzi wa pa Bangweulu amene bwato lace liri la fibreglass.

Fibreglass ndi zinthu ziwiri zosanganizidwa, monga dothi ndi udzu m'cipupa ca nyumba. Coyamba ndi galasi losungunulidwa, lokokedwa kufikira lisanduka ulusi wocepa koposa tsitsi, kotero kuti maulusi oposa 1,000 oyalidwa mbali ndi mbali ndiwo akwanira inchi imodzi. Caciwiri ndi utomoni wa pulasitiki umene authira pa ulusiwo, nuuma gwa. Pofika caka ca 1953, ku America anali atayamba kale kupanga thupi la galimoto ya Corvette mwa njira imeneyi.

Tsono utomoniwo uli ndi cinsinsi cace. M'caka ca 1920 Hermann Staudinger wa ku Germany ananena kuti zinthu za mtundu uwu zimangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono tolumikizana m'maunyolo atali ndithu. Anzace ambiri anamtsutsa, koma m'caka ca 1953 analandira mphotho ya Nobel.

Pakati pa utomoni, maunyolowo angopiringizana monga mizu ya kapinga, ndipo pakuuma agwirana wina ndi mnzace. Koma unyolo umene wafika pa galasi ucita mwina. Mbali zace zina zimamatira pagalasipo, zina zitukuka monga uta ndi kubwereranso, ndipo mcira wace uloweranso m'kati kukakolana ndi anzace. Unyolo wotere ufanana ndi mbuzi yomangidwa pa cikhomo: utha kugwedezeka, koma sungapite kutali. Mwala ukamenya cisoti, mphamvu yace ilowa m'utomoni, ndipo maunyolo omangidwawa ndiwo aipereka ku ulusi wa galasi, umene uli wolimba koposa. Akalekerera, ulusi wonsewo ukhala wacabe.

Mdani wamkuru ndiye madzi. Galasi likonda madzi koposa utomoni. Cotero cinyezi cikalowa pang'onopang'ono, cikhala pagalasipo ndi kukankha maunyolo aja. Cifukwa cace opanga ulusi aupaka mankhwala ochedwa silane usanacoke m'fakitale. Mankhwalawa ali ngati nkhoswe ya manja awiri, dzanja lina ligwira galasi, lina ligwira unyolo wa utomoni.

Cozizwitsa ndi cakuti kugwira kopitirira muyeso sikukhala kwabwino nthawi zonse. Zikagwirana kolimba kwambiri, mng'alu udula utomoni ndi ulusi womwe pa nthawi imodzi, monga mbale yadothi isweka. Zikagwirana mofooka, ulusi ungosololoka uli woyera, wopanda utomoni. Akatswiri afuna pakati ndi pakati, kuti mng'alu utope uli kupatuka pa ulusi uliwonse.

Diso la munthu wamba litha kuona zizindikiro zace. Pamene utomoni walekana ndi galasi, malowo kawirikawiri ayera mbuu, pakuti kuwala sikupyola bwino m'timipata tatsegukato. Bwato lokhalitsa m'madzi nthawi zina lituruka matuza pansi pace. Cisoti cimene camenyedwa kolimba ndi mwala ciyenera kubwezedwa ku sitolo ya pamgodi, cingakhale cioneka cathunthu kunja kwace.