NYUMBA IMAYAMBA KUGWA KUCOKERA PANSI

Caka ndi caka, mvula ikafika pacimake m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke mumamveka madandaulo a zipupa zakugwa. Kawirikawiri denga limakhala lili bwino lomwe. Colakwa cimapezeka pansi, pomwe cipupa cikumana ndi nthaka.

Gawo la nyumba limene limacokera pa maziko a m'nthaka kukafika pomwe anthu amaponda m'kati, amisiri amalichula kuti plinth. Liuli linacokera ku Cigiriki, kumene linali kutanthauza njerwa. Anthu amene anafikako ku Lusaka anaona cipilala ca Freedom Statue ca m'caka ca 1974: munthu wodula unyolo uja anamuimika pa guwa lalitali, ndipo guwalo ndi plinth yace. Pa cipilala, nchito yace ndi kukweza cifanizo kuti cioneke patali. Pa nyumba, nchito yace ndi kucinjiriza cipupa ku madzi ndi ciswe.

Njerwa yosaocha imamwa madzi msanga. Mvula ikamagwa kucokera padenga, madzi amathovukira m'munsi mwa cipupa, ndipo cinyontho ca m'nthaka cimakwera pang'onopang'ono. Dothi likafewa, silingathenso kunyamula katundu wa pamwamba. Cipupa cimang'ambika, kenaka n'kugwa, nthawi zina usiku ana ali m'tulo.

Nzeru imeneyi si yacilendo. Makolo anali kusanja nkhokwe pa miyala ndi kukweza khonde ndi dothi lotsendera, ndipo azimai anali kulizira caka ciliconse. Nawonso Alozi a m'cigwa ca Zambezi amamanga midzi yao pa zitunda.

Amisiri amalangiza kuti gawoli likwere masentimita osacepera 15 pamwamba pa nthaka, ndiko kuti pafupifupi mizere iwiri ya njerwa. Pamalo a madambo, monga m'cigwa ca Luangwa, liyenera kukwera koposa pamenepo. Limangidwe ndi miyala kapena njerwa zoocha bwino, zolumikizidwa ndi simenti ndi mcenga. Pamwamba pace ayalepo pulasitiki wakuda wocindikala asanayambe cipupa, kuti cinyontho cisakwere. M'kati athiremo dothi ndi kulitsendera zolimba, koma asasiyemo zitsa kapena mizu, pakuti ndico cakudya ca ciswe. Kunja, nthaka itsetserekere kutali ndi nyumba.

Phindu lina n'lakuti njira za ciswe zimaonekera poyera pa gawo lokweralo, ndipo mwini nyumba angathe kuziphwanya cisanafike ku mitengo ya denga.

Alimi ambiri akagulitsa cimanga, mtedza kapena thonje, amathamangira kugula malata. Malata ndi abwino, koma matumba ocepa a simenti ya pansi ndiwo ayenera kuyamba. Akulu anati walira mvula walira matope. Tsono wofuna kumanga cilimwe cino akonzekeretu matopewo asanaike njerwa yoyamba.