Makilomita 700 chifukwa cha mphindi zitatu za mdima

Anzathu a zanyengo amavutika kunena tsiku lenileni limene mvula yobzalira idzagwe, ngakhale patatsala masabata awiri okha. Koma ife a sayansi ya zakuthambo tingakuuzeni lero kuti pa 2 Ogasiti 2027, dzuwa lili paliwombo, mzinda wa Luxor ku Egypt udzachita mdima kwa mphindi zoposa 6, ndipo sitidzaphonya. Sikuti ndife anzeru kuposa iwowo ayi. Mphepo ndi mitambo zili ndi zozisokoneza zambiri, pamene dzuwa, mwezi ndi dziko lapansi zimayenda mwadongosolo lotheka kuliwerengera. Anthu ena akamva kuti ndimaphunzitsa za kadamsana amaganiza kuti pali zaulosi kapena zinsinsi za azungu. Palibe. Ntchito yathu ndi yowerengera malo amene mthunzi udzagwere ndi nthawi yake, basi.

Mthunziwo ndi wa mwezi. Mwezi umazungulira dziko lapansi, ndipo ukafika pakati penipeni pa ife ndi dzuwa, mthunzi wake umagwera pansi pano. Amene ali mkati mwa mthunziwo amaona dzuwa litaphimbika. Zimenezi zimatheka pokhapokha mwezi uli kumdima, usanakhale. Kadamsana wa mwezi ndi wosiyana: pamenepo dziko ndi limene limakhala pakati, mthunzi wake n'kugwera pamwezi wathunthu, mweziwo n'kufiira. Ameneyu amaoneka kulikonse kumene kuli usiku, ndipo mungamuyang'ane ndi maso okha popanda vuto.

Ophunzira anga amakonda kufunsa kuti kamwezi kangaphimbe bwanji dzuwa, poti dzuwa ndi lalikulu kwambiri. N'zoona. Dzuwa ndi lotambalala makilomita pafupifupi 1.4 miliyoni, pamene mwezi ndi makilomita 3,474 okha. Choncho dzuwa limaposa mwezi ka 400. Koma dzuwalo lili pamtunda wa makilomita 150 miliyoni, mwezi uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, kutanthauza kuti dzuwa latalikiranso ka 400. Mukaima patali, chala chanu chachikulu chimatha kubisa phiri lonse la Mulanje, chifukwa chalacho chili pafupi ndi diso. Kukula ndi kutalika kukalingana motere, zinthu ziwirizi zimaoneka zofanana kumwamba, ndipo china chimakwanira ndendende pa chinzake.

Nanga bwanji kadamsana sachitika mwezi uliwonse? Njira ya mwezi ndi yopendekeka ndi madigiri 5 poyerekeza ndi njira imene dziko limayendamo pozungulira dzuwa. Miyezi yambiri mwezi umadutsa chakumtunda kapena chakumunsi kwa dzuwa, mthunzi wake n'kuphonya dziko. Njira ziwirizi zimadutsana pamalo awiri okha, ndipo zinthu zimalunjikana pakatha masiku pafupifupi 173. N'chifukwa chake pachaka pamakhala akadamsana a dzuwa osachepera 2 ndiponso osaposa 5, ndipo ambiri mwa iwo amangophimba mbali ina ya dzuwa kapena amagwera panyanja zikuluzikulu kumene kulibe anthu.

Chimene anthu ambiri sachidziwa ndi kupapatiza kwa mthunzi wamkati, umene umabweretsa mdima weniweni. Sutambalala kuposa makilomita 270, ndipo nthawi zambiri umachepera pamenepo. Umathamanga pamwamba pa dziko pa liwiro loposa makilomita 1,700 pa ola. Ndiye mudzi umodzi ukhoza kudikira zaka pafupifupi 375 kuti mthunziwo udzaudutse. Ofuna kuuona sakhala pakhonde n'kumaudikira. Amaulondola.

Ndi zimene ine ndi a m'banja langa tinachita pa kadamsana wa pa 21 Juni 2001. Mthunzi unatuluka m'nyanja ya Atlantic, unalowera ku Angola, kudutsa Zambia, kumpoto kwa Zimbabwe ndi Mozambique, n'kukathera cha ku Madagascar. Kuno kwathu unangokhudza nsonga ya kummwera kwenikweni kwa dziko. Anthu ena anandifunsa chifukwa chake sitinangotsikira ku Nsanje. Zifukwa zinali ziwiri. M'mphepete mwa mthunzi mdima umakhala waufupi kwambiri, pamene chapakati umatenga mphindi zingapo. Komanso Juni ndi mwezi wa chiperoni kummwera, ndipo mtambo umodzi wokha ungakuwonongereni ulendo wonse. Ku Lusaka nyengo yozizira imakhala youma, kumwamba kuli mbee, ndipo amalume anali ndi munda kunja pang'ono kwa mzindawo. Tinabwereka minibasi, tinaika mbatata zophika, mtedza ndi zigubu za thobwa, ulendo wa ku Mchinji.

Azakhali, amene tinawatenga kuti akaonane ndi abale ku Katete, sanakhutire ndi cholinga cha ulendowo. Tikudikira kudinditsa mapasipoti pachipata cha Mwami anandifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi dzuwa la ku Lusaka ndi lina? A wailesi anena kuti ku Lilongwenso kuda. Mafuta onsewa ndi a chiyani?"

"Dzuwa ndi lomweli, azakhali," ndinawayankha, "koma kwathu mwezi usiya kachigawo kosaphimbika. Kachigawo kameneko n'kokwanira kubisa zonse zimene tikupita kukaona."

Funso lawolo ndi labwino, ndipo yankho lake lili m'masamu. Dzuwa limawala kuposa mwezi wathunthu ka 400,000. Ngakhale mwezi utaphimba magawo 99 pa magawo 100 a dzuwa, gawo limodzi lotsalalo limawalabe kuposa mwezi wathunthu ka 4,000. Kumangozizira, kuwala n'kufooka, koma kumakhalabe masana. Usiku wa masana, nyenyezi ndi chisoti choyera chozungulira dzuwa zimaoneka kwa okhawo amene ali mkati mwa mthunzi. Wotsala kunja ndi makilomita 10 okha saziona.

Titagona ku Katete n'kuwonjezera asuweni m'galimoto, tinapitirira limodzi ndi azakhali pa msewu wa Great East, kudutsa Petauke ndi Nyimba mpaka pamlatho wa Luangwa. Pamenepo ndinauza ana kuti madzi amene ali pansi pathuwo amakathira mu Zambezi pafupi ndi Zumbo, ndipo chakumeneko ndi kumene Angoni a Zwangendaba anawolokera pobwera kumpoto. Mbiri imene makolo a Chingoni anasunga pakamwa imati pa tsiku lowolokalo dzuwa linada masana. Panalibe amene analemba tsiku pa pepala. Koma masamu amene amatiuza za kadamsana wam'tsogolo amathanso kuwerengera chobwerera m'mbuyo, ndipo akatswiri atawerengera anapeza kadamsana amene anaoneka m'chigwa cha Zambezi mu Novembala 1835. Chaka chimene ana amaloweza m'kalasi ya mbiri, chokhudza makolo a anthu a Mpezeni ku Chipata ndi a M'mbelwa ku Mzimba, chinatsimikizika chifukwa kukumbukira kwa agogo ndi mawerengero a zakuthambo zinagwirizana.

Kuwerengera kumeneku sikunayambe ndi makompyuta. Anthu a ku Babulo wakale anazindikira kuti akadamsana amabwereza pakatha zaka 18, masiku 11 ndi maola 8, nyengo imene timaitcha Saros. Maola 8 owonjezerawo amapatsa dziko mpata wotembenuka pang'ono, ndiye kadamsana wotsatira amagwera kutali chakumadzulo. Yesani nokha: pa 21 Juni 2001 onjezeranipo zaka 18 ndi masiku 11. Mupeza 2 Julayi 2019, ndipo tsiku limenelo mthunzi unadutsa ku Chile ndi ku Argentina. Masiku ano timayeza mtunda wa kumwezi pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser kumene kumakagunda magalasi amene anthu a maulendo a Apollo anasiya kumeneko. Muyeso umenewu ndi wolondola moti tikudziwa kuti mwezi ukutalikira dziko ndi masentimita 3.8 chaka chilichonse.

Tsiku la kadamsana ku Lusaka lija linali Lachinayi. Kwa nthawi yoposa ola mwezi unkadya dzuwa pang'onopang'ono kuyambira mbali imodzi, ndipo wosauzidwa sakanazindikira kanthu. Kenako kunayamba kuzizira, ana n'kuthamangira majuzi. Pansi pa mtengo wa mango, timadontho ta kuwala todutsa m'masamba tinasanduka tizithunzi ta dzuwa lodyedwa, mazanamazana, chifukwa kampata kalikonse pakati pa masamba kamajambula chithunzi cha dzuwa pansi. Nkhuku zinayamba kulondolana kupita kukhola. Itangodutsa 3 koloko, mdima unabwera mothamanga kuchokera kumadzulo. M'mphepete mwa mwezi munatsala timikanda ta kuwala, kumene kunali dzuwa likusuzumira m'zigwa za pakati pa mapiri a kumwezi. Timikandato titazima, chisoti chinaonekera, choyera ngwee, chotambasukira mbali zonse, pakati pali chibowo chakuda bii. M'munsi mwa thambo monse munali mofiira. Azakhali anayamba ndi pemphero, anamaliza ndi nthungululu. Patatha mphindi zitatu ndi masekondi ochepa, kuwala kunabwerera, atambala n'kulira.

Kwa akatswiri, mphindi zochepa zimenezo ndi nthawi ya ntchito. Chisoticho, chimene m'mabuku chimatchedwa corona, ndi mpweya wa dzuwa umene masiku onse umabisika ndi kuwala. Pankhope pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, koma chisoticho chimatentha madigiri oposa 1 miliyoni ngakhale chili kunja, ndipo mkangano wa chimene chimachitenthetsa chotero sunathe mpaka pano. Pa kadamsana wa mu 1868 ku India, kuwala kwa m'mphepete mwa dzuwa kunaonetsa mzere wachikasu umene unatsogolera akatswiri ku mpweya wa helium, zaka zambiri mpweyawo usanapezeke pansi pano. Pa 29 Meyi 1919, Arthur Eddington ali pachilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa, anajambula nyenyezi zoyandikana ndi dzuwa lophimbika. Zithunzi zake, pamodzi ndi za anzake amene anali ku Sobral ku Brazil, zinaonetsa kuti kuwala kwa nyenyezi kumapindika podutsa pafupi ndi dzuwa, monga Albert Einstein ananenera. Popanda mthunzi wa mwezi nyenyezi zimenezo sizikanaoneka masana.

Si kadamsana aliyense amabweretsa mdima wotere. Mwezi suyenda pamtunda umodzimodzi. Nthawi zina umayandikira, nthawi zina umatalikira kupitirira makilomita 400,000. Ukakhala kutali umaoneka wochepa, ndipo sukwanira kuphimba dzuwa lonse, ndiye pamatsala mkombero wowala kuzungulira mwezi. Wa mtundu umenewu anadutsa kummwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique pa 1 Seputembala 2016, ndipo ambiri m'Malawi anaona dzuwa litadyedwa mbali.

Pa za malodza ndinene mosapita m'mbali. Pa nthawi ya kadamsana dzuwa silitulutsa mphamvu ina yachilendo. Mayi woyembekezera, mwana wa m'mimba, nsima ya pamoto ndi madzi a mumtsuko, zonse zimakhala mmene zinalili. Choopsa chilipo chimodzi, ndipo ndi chenicheni: kuyang'ana dzuwa. Masiku onse diso limadziteteza chifukwa kuwala kumatithobwa n'kutikakamiza kuyang'ana kumbali. Pa kadamsana chidwi chimatichititsa kupirira, pamene kachigawo kotsala ka dzuwa kakuwotchabe. Kuseri kwa diso, kumene chithunzi chimagwera, kulibe mitsempha yomva ululu, choncho munthu amapsa osamva kanthu, n'kudzazindikira patapita maola kuti pakati pa zimene akuona pali banga. Nthawi zina bangalo silichoka.

Magalasi a dzuwa wamba sathandiza, ngakhale mutavala angapo. Galasi lodetsedwa ndi mwaye wa koloboyi, filimu yakale ya X-ray, ngakhale kuyang'anira m'beseni la madzi, zonsezi n'zosateteza. Zotetezeka ndi magalasi opangidwira kadamsana okhala ndi chizindikiro cha ISO 12312-2, kapena galasi la owotcherera zitsulo la nambala 14. Ngati mulibe, boolani kabowo kakang'ono pa katoni, fulatirani dzuwa, ndipo kuwala kodutsa pabowopo kugwere pa pepala loyera. Mudzaona zonse popanda kukweza maso. Musaloze dzuwa ndi zoonera patali zopanda sefa yake, chifukwa zimasonkhanitsa kuwala n'kuwotcha diso nthawi yomweyo. Maso okha amaloledwa pa mphindi zija dzuwa laphimbika lonse, ndipo kuwala kukangosuzumira, magalasi abwerere kumaso. Pa ulendo wa banja, munthu wamkulu mmodzi asiye zoyang'ana kumwamba pa nthawi imeneyo, aziyang'anira ana.

Mwayi wotsatira kuchigawo chathu chino ndi wa pa 25 Novembala 2030, m'mawa. Mthunzi udzalowera ku Namibia, kudutsa kummwera kwa Botswana, South Africa ndi Lesotho, n'kutulukira m'nyanja cha ku Durban. Amene muli ndi abale ku Johannesburg musadzangokhala pakhomo pawo, chifukwa mzindawo uli kunja kwa mthunzi. Mudzayenera kutsikira chakummwera. Popeza Novembala ndi nthawi ya mitambo chakum'mawa, mbali ya Namibia ndi Botswana ndi imene ili ndi mwayi waukulu wa thambo loyera. Fikani tsiku lisanakwane, khalani ndi mafuta okwanira kuthawa mtambo, ndipo sankhani malo a chapakati pa mthunzi. Mapu a njira yonseyo alipo kale pa intaneti, ndipo mphunzitsi aliyense wa sayansi angakuthandizeni kuwawerenga. Mukamagawa mipando m'galimoto, muyambire agogo ndi ana.